Anawalira Atate Ali Moyo

Atate anasiya kulankhula mu Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi. Sitiroko inali itawagwira kale chaka chomwecho, nkuwalanda dzanja lamanja ndi kuwakhotetsa pakamwa, koma mawu inawasiyira. Ankatuluka mochedwa ndiponso molemera, ngati a munthu amene wavumata phala lotentha, komabe ankatuluka. Amene anawatseka pakamwa ndi mtsikana wogulitsa pa kantemba ka pafupi ndi kwathu ku Chelstone. Tsiku lina anapita okha kukagula mabatire a wailesi. Mtsikanayo anawamvetsera, nkuseka, nkufunsa anthu a pamzere kuti mdalayu wamwa chiyani m'mawa uno. Atate anabwerera opanda mabatire. Kuyambira pamenepo akafuna madzi ankaloza ndi chala, akakana chinthu ankamenya ndodo pansi.

Mayi wa kuchipatala amene ankawaphunzitsa kulankhula sanatibisire. Anati lilime likakhala osagwira ntchito limauma, ndipo akapitiriza kukhala chete, ngakhale mawu ochepa otsalawo adzapita osabweranso. Anayesa kuwanyengerera ndi zithunzi za mbuzi ndi makapu. Atate anayang'ana kuzenera mpaka nthawi inatha.

Ine ndimasoka makatani ku Kabwata. Ndinanyamula makina anga nkukakhala ku Chelstone kuti ndizithandiza amayi. Ndine woyamba kubadwa, ndipo onse ondidziwa amadziwa kuti ndili ndi mtima wapachala. Nditafika ndinaika malamulo: wailesi izilira pansipansi, adzukulu asamathamange m'nyumba, mlendo aliyense ayambe wadutsa kwa ine. Anthu a kutchalitchi ankabwera ndithu, Mulungu awadalitse. Ankakhala m'mphepete mwa mpando, nkumalankhula monong'ona, kenako nkutembenukira kwa amayi: "Badya lelo? Bagona bwino?" Atate ali pomwepo, maso kukhoma.

Ndisanabadwe, atate ankaimba gitala m'bandi ya roko. Pa zithunzi za nthawi imeneyo tsitsi lawo lili ngati chitsamba, thalauzi likusesa pansi, nsapato zazitali moti ndimadabwa kuti sanathyoke mwendo. Ankaimba m'maholo kuyambira mu Lusaka mpaka ku migodi. Ine nditabadwa anameta nkuyamba ntchito yokonza mafiriji. Gitala yawo yofiira inkakhala pamwamba pa wadiropu, ndipo ankaitsitsa Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi, nkumaiimba popanda sipika. Anzawo ambiri a m'bandimo anapita zaka zija tinkaika achinyamata m'manda sabata ndi sabata. Anatsala atatu: atate, woimba besi amene tsopano ndi mkulu wa mpingo ku Woodlands, ndi woimba ng'oma.

Woimba ng'omayo ndi Mbemba wa kumpoto, wamfupi, wadazi, mawu ake ngati a kondakitala wa basi. Amaweta nkhuku ku Makeni. Ife ndife a ku Chipata, ndipo aliyense wokulira mu Lusaka amadziwa kuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ali pa chimbuya: amanyozana osakwiyirana. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, amene iwo amawatcha kolwe, ndiponso ndi akuba. Pa maliro athu iwo ndi amene amaphika, amathira anamfedwa ufa kapena pauda kumutu, amatenga chimene afuna, nkumaseketsa anthu mpaka wolira apumeko. Pa maliro awo timabwezera. Ine chimbuya ndimachitha, kumsika kwa Kabwata Abemba amandidziwa. Koma ndinkaona kuti chili ndi malo ake, ndipo chipinda cha wodwala si malo akewo. Ndinali nditamuthamangitsa kale kuchipatala atafunsa anesi ngati m'botolo la diripi munali msuzi wa mbewa.

Anabweranso mu Disembala, mvula itangokata. Ndinamutsekereza pa geti.

"Ba ankolo, atate sibali bwino. Ngati mwabwela na vokamba vanu vija, bwelelani chabe."

"Shani, mwana wa mbeba? Choka pa njila. Nabwela kuona mutembo."

Anandidutsa ngati ndine mtengo. Atalowa kuchipinda sanatsitse mawu ngakhale pang'ono. Anakankha makatani anga amene ndinasoka dala okhuthala kuti kuwala kusavutitse wodwala, anakhala pabedi, nkusenda nthochi ya atate.

"Iwe, ukali moyo? Nenze namvela ati unafa. Nagula na pauda kudala."

Atate anayang'ana kukhoma. Iye anapitiriza, nthochi ili m'kamwa. Anati bandi ikubwerera. Achinyamata afukula nyimbo zawo zakale, ngakhale akunja akuzifuna, ndipo mwini loji ina ku Woodlands wawapempha kuti akaimbe tsiku lomaliza la chaka. Adzayamba masana nkumaliza dzuwa likamalowa, chifukwa woimba besi sangajombe ku mapemphero a usiku wonse olowera chaka chatsopano, ndipo mkazi wake wanenetsa.

"Pa malo yako tapeza mwana wina wa ku Roma ya muno mu Lusaka. Aliza bwino kuchila iwe. Koma alibe gitala ya zoona."

Ndisanazindikire, anali atakwera pa mpando nkutsitsa gitala ija pa wadiropu. Anaipukuta fumbi ndi malaya ake.

"Katundu wa wakufa ni wa mbuya wake."

Atate anamenya ndodo pansi. Anamenyanso, kapu ya pa tebulo inagwedezeka. Milomo yawo inayenda, mtsempha wa m'khosi unatupa, koma sipanatuluke kanthu.

"Ukana? Kamba. Wakufa sakana."

Anadikira ndithu, ataima pakhomo, gitala ili paphewa. Kenako anatuluka nayo. Ndinamulondola mpaka kumsewu, patapata imodzi itatsalira m'matope, ndikumuuza mawu amene sindingawalembe pano. Iye anakweza galasi la galimoto lake lonunkha zitosi za nkhuku nkundibayibitsa.

Nditabwerera ndinapeza amayi kukhichini atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira. Ankaseka.

"Amai, museka chani? Munthu waba mu nyumba yanu!"

"Sunaone maso ya atate bako?"

"Naona. Bakalipa maningi."

"Eye. Kuchokela mu Ogasiti, lelo ndiye bakalipa."

Ndinati ndikupita kupolisi. Amayi anati ndikakamangitsa mbuya adzandiseka mpaka ku Chipata, ndipo wapolisiyo akakhala Mbemba adzandithira pauda pomwepo. Ndinakhala pa makina anga nkusoka mwaukali mpaka singano inathyoka.

Masiku otsatira atate sanakhazikike. Ankadzuka, nkuyang'ana pamwamba pa wadiropu, nkukhalanso. Chakudya ankakankha. Ine ndinkauza amayi kuti onani zimene wachita mbuya wanu uja. Pa tsiku lomaliza la chaka, m'mawa, ndinawapeza atakhala pabedi, atadzimeta okha ndevu ndi dzanja lamanzere, tsaya lili ndi mabala awiri, jekete litalowa mkono umodzi. Analoza chitseko ndi ndodo. Ndinawauza za phokoso, za kuthamanga kwa magazi, za mvula, za maso a anthu. Anamenya ndodo pansi. Nditatembenuka kuti amayi andithandize, ndinawaona akumanga duku lawo la kuukwati. Ndinapita nawo chifukwa sindikanawasiya okha, komanso ndinali ndi mawu amene ndinamusungira wakuba uja.

Pabwalo la lojiyo anali atakhoma tenti yaikulu pa kapinga wonyowa. Utsi wa nyama yootcha unali ponseponse. Panali madala a ndevu zoyera atavala majekete achikopa amene anasiya kalekale kutsekeka pamimba, amayi akuluakulu ndi mabasiketi awo a zakudya, ndi achinyamata a ku Kabulonga mafoni ali m'mwamba bandi isanayambe nkomwe. Mkulu wa mpingo uja anali atatisungira mipando kutsogolo, cham'mbali. Anagwira atate dzanja mwaulemu, nkufunsa amayi ngati ulendo unali wabwino.

Ndiyenera kunena zoona: gitala ija ndinali ndisanaimvepo. Chimene ndinkachidziwa chinali kaudzudzu ka Lamlungu masana. Mnyamata wa ku Roma uja ataikhudza, inabangula, phokoso linadzera m'miyendo ya mpando wapulasitiki nkundikwera msana. Dazi la wakuba uja linkanyezimira kuseri kwa ng'oma, akuzimenya ngati zamulakwira. Mkulu wa mpingo, tayi ili m'khosi, anatsinzina nkumagwedeza mutu monga amachitira pa pemphero lalitali, koma chiuno chinkachita zina zimene sindikhulupirira kuti mpingo ukuzidziwa. Amayi ena achikulire anavula nsapato nkuyamba kuvina m'matope. Zinali zokoma, ndipo zinandikwiyitsa kuti zinali zokoma. Ndinayang'ana atate. Nkhope inali gwa, osayang'ana munthu, koma zala za dzanja lamanzere zinkayendayenda pa ndodo.

Dzuwa litapendeka, woimba ng'oma anaimitsa nyimbo nkubwera kutsogolo ndi maikolofoni.

"Bane, ise bakulu-bakulu sitifika pakati pa usiku, tulo. So chaka chathu chizasilila pamene pano. Koma tikalibe kuchisiliza, tili na malilo."

Anatchula anzawo a m'bandi amene anamwalira, mmodzimmodzi, ndi kumene aliyense anagona. Apa sanaseke. Madala anavula zipewa. Kenako anavula mnyamata uja gitala nkuikweza m'mwamba.

"Mwine wa iyi gitala nayeve anafa. Munthu wa ku Chipata. Mbeba inamukakamila pa mukosi. Mutembo tabwela nao, uyo apo, bauvalika na jekete."

Mitu yonse inatembenukira kwa ife. Ena anaseka, koma ataona pakamwa pokhota ndi dzanja logona pa ntchafu, kuseka kunawathera. Ine magazi anawira. Woimba ng'oma uja anatsika pa siteji, chingwe cha maikolofoni chikukokeka pambuyo, m'dzanja lina muli botolo la pauda wa ana. Anathira atate kumutu mpaka jekete linayera. Anathira amayi pa duku lawo labwino lija. Kenako anafika pa ine.

"Na iwe, mwana wamasiye."

Amayi achibemba amene anali pafupi anamva msanga chimene chikuchitika. Anaika manja kumutu nkuyamba kulira maliro abodza, akutchula mbewa zonse zimene zatsala zopanda wozidya. A kum'mawa anayamba kukuwa kuti Abemba ndi akuba. Ine ndinadzuka kuti ndimulande botololo ndimuswere padazi. Amayi anandigwira pamkono, zikhadabo zinalowa.

"Nkala pansi."

Woimba ng'oma anagwada pa kapinga nkuika maikolofoni pakamwa pa atate.

"Mau yosiliza, wakufa. Bantu bayembekeza."

M'masipika munamveka kupuma kwa atate. Pauda anali atawayeretsa nsidze, dovu likutsika mbali yofooka ija. Sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo. Munthu mmodzi yekha anawaseka pa kantemba nkuwatseka pakamwa kuyambira Ogasiti. Apa panali tenti yodzaza. Ndinadziwa kuti akalephera pano, sitidzawamvanso.

Panatuluka mawu osamveka, othyokathyoka. Kumbuyo wina anaseka. Ife kunyumba, atate asanasiye kulankhula, tikapanda kumva tinkangogwedeza mutu nkunena kuti eya, kuti asavutike. Mbemba uja sanagwedeze mutu.

"Sinamve. Bwezapo."

Atate anayesanso. Thukuta linadula njira mu pauda.

"Sinamve, mune. Kamba monga munthu."

Ndikanakhala ndi lumo langa losokera, bwenzi pano ndikulemba zina. Atate anakoka mpweya, anamuyang'ana m'maso, nkulavula mawu amodzi, chidutswa ndi chidutswa.

"Ka... wa... lala."

Anapumira. Tenti yonse inapuma nawo.

"Bweza... gitala yanga... wakudya kolwe iwe."

Phokoso limene linabuka linaposa la masipika. A kum'mawa anakwera pa mipando, nthungululu zinalira, amayi olira zabodza aja anathawa akukuwa kuti mtembo wauka. Woimba ng'oma anadzigwetsa chagada pa kapinga, miyendo m'mwamba. Pofuna kudzuka anapeza kuti atate agwira maikolofoni ndi dzanja lamanzere ndipo sakuisiya. Anali ndi nkhani. Anauza anthu kuti munthu ameneyu, tsiku lina ku Kitwe, anang'amba thalauzi pakati pa nyimbo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nkumaliza dansi yonse atavala chitenje cha mkazi wa mwini holo. Nkhani yaifupi imeneyi inatenga nthawi yaitali. Mawu ena ankatayika m'njira. Pamene anthu sanamve ankakuwa kuti, "Bwezani, mudala!" ndipo atate ankabwereza, mokwiya, mpaka amve. Ine ndinalira poyera, misozi ikusakanikirana ndi pauda, osasamala kuti makasitomala anga ena a makatani ali pomwepo.

Nyimbo yomaliza inali yopeka atate ali mnyamata. Anawanyamulira mpando pa siteji nkuwakhazika pafupi ndi ng'oma. Sanaimbe gitala, ndipo sadzaimbanso. Dzanja lija linangogona pa ntchafu. Koma pofika pamene onse amaimbira limodzi, ankakuwa nawo, mochedwa pang'ono kuposa anzawo. Nyimbo itatha woimba ng'oma analengeza kuti chaka chatha, ngakhale kumadzulo kunali kusanade. Anthu anakumbatirana, inswa zikuzungulira magetsi a pa siteji, mkulu wa mpingo akuyang'ana wotchi nkumakulunga zingwe mofulumira.

Wakuba uja anabwera kudzandikumbatira, thukuta lokhalokha. Ndinamukankha.

"Ba ankolo, sininakukhululukileni."

"Niziba. Uzanibwezela pa malilo yanga. Ubwele na unga, pauda yadula."

Gitala sanabweze. Anati mwini wake akaitenge yekha ku Makeni, ndi pakamwa pake.

Mpaka lero ine ndi amayi sitigwirizana pa nkhani imeneyi. Ine ndimati munthu uja anaseweretsa moyo wa atate, ndipo zikanatha kuipa. Amayi amati ndimadziwa kusoka makatani koma amuna awo sindiwadziwa. Lilime la atate silinachire lonse. Mawu akadali olemera, ena amasowa pakati pa chiganizo, ndipo akatopa amangokhala. Koma kwa mayi wa kuchipatala uja anabwererako, ndipo chimene anayamba kumuuza nchakuti zithunzi zake za mbuzi nzachibwana.

Madzulo a tsiku lomaliza la chaka lija tinakwera takisi. Atate anakana kukhala kumbuyo, anakhala kutsogolo ndi dalaivala, pauda akugwera pa mpando. Titangotuluka pa geti ya loji anakweza ndodo.

"Kumanzele."

"Mudala, ku Chelstone ni uku," anatero dalaivala.

"Kumanzele... nakamba."

Ankafuna tidzere ku Longacres, tione pamene panali holo imene anaimbamo koyamba. Holoyo sitinaipeze, pamalopo panali mpanda wautali ndi mlonda. Anati ndiye tidzere m'tauni, pali ina. Misewu imene ankaidziwa inali itasintha, ina yatsekedwa, ina yadutsa pamwamba pa inzake. Iwo ankangolamula, dalaivala ankatsutsa, iwo nkumuuza kuti msewu umenewo anauyenda iye asanabadwe. Pa mphambano iliyonse panali nkhani: apa panali sitolo ya zingwe za gitala, apa anagwa pa njinga, apa amayi anawakana koyamba. Kunada, ana anayamba kuphulitsa makombola awo m'mbali mwa msewu, ndipo tinapezeka tili ku Roma, kutali ndi kwathu. Dalaivala anandiyang'ana pa galasi.

"Ba sisi, so tizafika chaka cha mailo," anatero, kutanthauza chaka chamawa.

Ndinakumbukira kuti amayi sanajombepo ku mapemphero olowera chaka chatsopano chibadwire changa, ndipo yunifolomu yawo inali itasitidwa kale, ili pabedi. Ndinawanong'oneza kuti tikuchedwa.

"Mulungu aziba kwamene nili," anatero amayi. Kenako anaweramira kutsogolo. "Ba draiva, pitani chabe kwamene bakamba."

Atate anati kumanja, ndipo tinakhotera kumanja.